Malata aja sindinagule

Mwana wanga,

Ndalama zija zafika. Foni inalira ndili kudimba, mlongo wako ndiye anandiwerengera uthengawo, ndipo ndinamuuza kuti awerengenso chifukwa ndimayesa wawonjezera ziro. Zikomo. Koma malata sindinagule, ndipo sindigula mpaka ubwere tikhale pamphasa. Nyumba ino yadontha zaka zambiri, chaka chimodzi chowonjezera sichingatiphe.

Malipiro ako ndimawadziwa. Unandiuza wekha pa Khirisimasi, ukudandaula kuti lendi ku Blantyre yakwera ndipo pakati pa mwezi umakhala ulibe ndi ya minibasi yomwe. Nanga ndalama zoterezi, mwezi umodzi, zachokera kuti? Azakhali ako anabwera kumaliro a kwa amfumu, anandikokera kuseri kwa nkhokwe. Pakamwa pa azakhali ako umapadziwa, ine sinditenga zonse zimene amanena, koma izi zandisowetsa tulo. Akuti iwe ndi mnzako uja wa galimoto yofiira, mukatumidwa kukayendera ana a m'kafukufuku m'makomo mwawo, mumangokhala pansi pa mtengo n'kudzaza mafomu ngati mwafikako. Akutinso ndalama ya thiransipoti ya azimayi obwera ndi ana mumaibenthula, ena mumawasainira asanabwere n'komwe. Ngati ndi bodza undikhululukire, azakhali akowo ndikathana nawo ndekha. Ngati muli choona ngakhale pang'ono, usaipinde kalatayi, werenga mpaka kumapeto.

Ine unamwino ndinauyamba nthawi ya chloroquine, mankhwala a malungo aja. Timapereka mapiritsi, mayi n'kupita, pakatha masiku owerengeka wabweranso, mwana thupi lili moto, m'maso mwayera ngati pepala. Timawakalipira azimayiwo kuti simunamwetse bwino, mwayamba mwapita kwa asing'anga. Mulungu atikhululukire. Anali mankhwalawo amene anatha mphamvu. Ife timadandaula m'mawodi, koma kudandaula kwa anamwino sikusintha ndondomeko ya boma. Amene anatsegula maso a Unduna wa Zaumoyo anali anthu a ntchito ngati yakoyi: kupereka mankhwala, kumulondola mwana kwawo, kumubaya chala patapita sabata, patapita masabata awiri, kuwerenga tizilombo ta malungo m'magazimo n'kulemba zimene aona, osati zimene bwana akufuna kumva. Mu 1993 boma linasiya chloroquine n'kutenga Fansidar, ndipo Malawi ndiye anali woyamba kutero mu Africa muno. Fansidar naye atafooka, mu 2007 kunabwera LA. Iwe unabadwa Fansidar atangoyamba, malungo ako oyamba ndinakusungunulira pa supuni, unandilavulira pa yunifolomu, koma mawa lake unayamwa. Za mkulu wako sindilemba. Ukudziwa chaka chimene anapita, ukudziwa pamene wagona. Ndimangodzifunsa, mnyamata mmodzi mwa ofufuzawo akanakhala pansi pa mtengo n'kulemba kuti ana onse achira, tikanapitiriza chloroquine zaka zingati?

Iwe ukuona ngati ndi kabokosi chabe kochonga. Mwana sunamuone, walemba kuti ali bwino, sanatenthe thupi, sanatuluke ziwengo. Mwina mwanayo wagona kuchipatala, mwina anamuika dzana. Pepala lako lipita ku kompyuta, lisakanikirana ndi ena masauzande, liwoloka nyanja, ndipo tsiku lina akuluakulu ku Lilongwe adzakhala pamsonkhano n'kunena kuti mankhwala awa ndi abwino, tiwagule, tipatse ana onse kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Mwa ana amenewo mudzakhala wako.

Wayiwala kodi ma rejista aja? Unkandijambulira mizere ndi rula usiku pa koloboyi, rejista ikatha masamba boma lisanatumize ina, ine ndikukopera mayina a azimayi a sikelo. Unkanyadira kuti mizere yako ndi yowongoka kuposa yanga. Nthawi imeneyo mayi woyembekezera akapezeka ndi kachilombo ka HIV, tisanamuyambitse ma ARV timadikira kaye CD4, kuyeza kwa chitetezo cha m'thupi kuja, ndipo makina ake anali kuboma. Magazi apite, zotsatira zichedwe, mayi asowe thiransipoti, tikamamuonanso wabereka kale kunyumba. Mu 2011 Malawi anati basi, mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe ma ARV pomwepo, amwe moyo wake wonse, osadikira makina. Imeneyo ndiyo ankaitcha Option B+. Kunjaku ena anakayika, koma manambala athu atatuluka, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi mayiko ena anatsatira ife. Manambalawo anachokera m'ma rejista ngati aja. Ndinalembamo ndi dzanja langali, ndipo pamene mayi wasowa ndinkalemba kuti wasowa, ngakhale ndimadziwa kuti akuboma akabwera andifunsa mafunso owawa. Ndinapuma ntchito ndilibe galimoto, ndi zoona. Koma ndikapita kumsika anyamata andevu amandipatsa moni, amayi awo atawauza kuti awa ndi azamba aja.

Za ndalama ya thiransipoti ndiye zandipweteka kwambiri. Mayi amene uja wasiya beseni la mandasi, wabereka mwana, watsika phiri, wakhala pabenchi m'mawa wonse. Iwe ndi pakamwa pako unamuwerengera fomu ya chilolezo, kuti akhoza kusiya tsiku lililonse popanda chilango, kuti chinsinsi chake chisungidwa, kuti ndalama yoyendera adzabwezeredwa. Anadinda chala chifukwa anakukhulupirira. Ndalama imeneyo ndi ya kabaza, yotsalayo ndi ya kamulu ka bonya madzulo. Ndiye iwe utengeko, uphatikize, unditumizire ine ndifolere nyumba? Ndigone pansi pa malata amenewo mvula ikugwa, ndizimva chiyani?

Ndiponso usaiwale kuti ntchito yako ndi yotenga anthu magazi. 2017 si kale. Unali kuno pamene mphekesera ya anamapopa inayaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu osalakwa anaphedwa, misewu inatsekedwa ndi miyala, azaumoyo ankaopa kulowa m'midzi. Unandibisira chikwama changa cha ntchito kudenga, ukukumbuka? Komabe chaka chotsatira, 2018, makolo a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analola ana awo pafupifupi 28,000 kulowa m'kafukufuku wa katemera wa tayifodi, ndipo mu 2023 katemerayo anaperekedwa dziko lonse. Makolo amenewo sanalole chifukwa cha zikwangwani. Panali anthu amene anayenda kwa mafumu, m'masukulu, m'matchalitchi, n'kusunga zimene analonjeza. Mayi mmodzi akadzazindikira kuti mwamudyera ndalama, sadzati mnyamata uja ndi wakuba. Adzati anthu a kafukufuku ndi akuba, magazi athu akugulitsa. Akadzanena pa mjigo, madzulo ake mudzi wonse wamva, ndipo amene adzagendedwe ndi namwino wina wosadziwa kanthu.

Ndikudziwa chimene chikukuopsa, usandione ngati nkhalamba yosamva wailesi. Chiyimikireni America thandizo lake mu January 2025, anzako ambiri ali pakhomo, kontirakiti yako ndi ya chaka chimodzi chimodzi, ndipo mnzakoyo amakuuza kuti dyeratu, mawa kulibe. Mnzako ameneyo sindinamukondepo chibwerereni kuno tsiku lija, munthu wopatsa bambo ako moni manja ali m'thumba. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga. Oyendera ntchito akadzabwera, adzatenga fomu yako n'kuiyika pambali pa kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, adzapita kukhomo kuja n'kufunsa kuti adokotala anabwera liti. Siginecha ili pamenepo ndi ya yani? Iyeyo adzati ine ndimangoyendetsa. Iwe ntchito idzatha, nkhani ikafika ku Medical Council, bungwe lolembetsa azachipatala lija, dzina lako likhoza kufufutidwa, ndiye ngakhale kachipatala kakumudzi sikadzakulandira. Pepala lako la sukulu lija bambo ako analigulitsira ng'ombe ziwiri, ija yamathotho yomwe unkaikonda inapita nawo.

Sindinalere wakuba. Unali mwana wobweza chenje ngakhale ndaiwala kufunsa. Ndi chifukwa chake ndikulemba m'malo mongolira. Pita kwa mkulu wa kafukufukuyo iwe mwini, asanakuitane. Umuuze makomo amene sunafike, kuti apiteko akaone anawo ndi kukonza zolembedwazo zisanapite patali. Adzakukalipira, mwina adzakuchotsa. Ukabwera kuno dimba lilipo, sudzagona ndi njala. Ndalama za azimayi aja ubweze mmodzimmodzi, mayina awo uli nawo. Zimene unatumiza zili m'foni momwemo, sindinatapeko ngakhale ya sopo, ukangonena ndizibweza tsiku lomwelo. Zikapanda kukwana ndigulitsa mbuzi.

Ndipo galimoto yofiira ija usakwerenso. Ndanena kale, ndikubwerezanso, usakwerenso.

Bambo ako sindinawauze, BP yawo siili bwino masiku ano, ndipo mankhwala kuchipatala kwathu kuno anatha, tikugula. Amangofunsa kuti malata abwera liti, ine ndimati mitengo ikatsika. Bodza limeneli sindingalisenze nthawi yaitali, choncho ubwere Loweruka la kumapeto kwa mwezi. Usabwere ndi shuga kapena chitenje, ubwere wekha. Ndakusungira nkhwani wotendera ndi mbatata za kudimba, ndipo ufa ndatumiza kudzera kwa kondakitala uja wa masiku onse, ukautenge Lachiwiri ku Limbe usanalowe chinyontho.

Ndine mayi ako.