Kulemba m'maofesi aziphunzitsa olemba enieni

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za maphunziro amene makampani amatumizako antchito awo. Ambiri amakhala a utsogoleri, a kasamalidwe ka makasitomala kapena a kompyuta. A kalembedwe ndi osowa, chonsecho kalata ndi fomu ndiye zimene zimafika m'manja mwa munthu wamba.

Kuno ku Britain, komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kuli kampani yotchedwa Plain English Campaign, m'tauni yaing'ono ya New Mills kufupi ndi Manchester. Woyambitsa wake ndi mayi Chrissie Maher, obadwira ku Liverpool mu 1938 m'banja losauka. Mayiwa anafika pa utsikana asanadziwe kuwerenga bwinobwino. Atadziwa, sanaiwale manyazi amene munthu amamva akapatsidwa pepala loti sakulimva. Mu 1971 anayambitsa nyuzipepala ya m'dera lawo, Tuebrook Bugle, kenako ina ya akuluakulu ovutika kuwerenga.

Mu 1979, iwo ndi mnzawo Martin Cutts anatenga mulu wa mafomu a boma n'kukawanyenyanyenya poyera ku Parliament Square, pamaso pa nyumba ya malamulo. Kampani inayambira pomwepo. Ndalama zake imapeza pokonza zikalata za mabanki, makhonsolo ndi makampani a inshuwalansi, ndiponso pophunzitsa antchito awo kulemba. Kuyambira 1990 imapereka chidindo chotchedwa Crystal Mark pa chikalata chimene chalembedwa momveka.

Mfundo yawo ndi yoti wowerenga akalephera kumva, wolakwa ndi wolemba. Ndiye amaphunzitsa zinthu zooneka zazing'ono. Chiganizo chikhale cha mawu 15 mpaka 20. Munthu umutchule kuti "inu", ofesi udzitchule kuti "ife". Unene amene achite chinthu ndi tsiku lake. Ine ndimakhulupirira kuti zimenezi angaziphunzitse bwino ndi munthu amene analemberapo anthu wamba, iwo n'kumubwezera pepala kuti sitikumva. Katswiri wongoonetsa zithunzi pakhoma sangafike pamenepo.

Kusiyana kwake ndimakuona kuntchito. Agogo ena amene ndimawasamalira akalandira kalata yolembedwa bwino, amavala magalasi, n'kuloza ndi chala pamene pali ndalama ndi tsiku lolipira, basi aipinda. Ikabwera yozungulirazungulira, amaibisa pansi pa pilo ndipo usiku umenewo sagona.

Kwathu vutoli ndi lalikulu kuposa apa, chifukwa zikalata zambiri zimabwera m'Chingerezi. Mayi anga ku Dedza anasainira ngongole kubungwe lina lobwereketsa ndalama. Za chiwongoladzanja anazimva atanyamula pepalalo kupita nalo kwa aphunzitsi a pasukulu yoyandikana nafe, siginecha ili kale pamenepo. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Olemba tili nawo: atolankhani a nyuzipepala za Chichewa ngati ino, olemba masewero a pawailesi, omasulira mabuku. Awa amadziwa chiganizo chimene chingamveke kumsika wa Lizulu. Ndikupempha mabanki, makampani a inshuwalansi ndi mabungwe a ngongole kuti pokonza bajeti ya maphunziro a chaka chamawa, aitane anthu amenewa ndi kuwalipira monga amalipirira akatswiri ena. Fomu yoyamba kuikonza ikhale ya ngongole, ndipo isanasindikizidwe aipereke kwa amayi ogulitsa tomato aiwerenge, anene okha ngati aimva.

Wowerenga wanu,
Manchester