Bournville: mudzi wa chokoleti umene kampani singaugulitse

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya nyumba za anthu ogwira ntchito m'mizinda. Pa zokambirana zotere dzina la Bournville, dera la kumwera kwa mzinda wa Birmingham ku England, silichedwa kutchulidwa, ndipo amalitchula ngati chitsanzo cha bwana wachifundo amene anamangira antchito ake nyumba zabwino. Chifundo cha George Cadbury, mmodzi wa eni fakitale ya chokoleti ya Cadbury amene anayambitsa mudziwu, sitikuchikana ayi. Koma chimene chasunga derali kwa zaka zoposa 120 n'chakuti mwini wakeyo analekanitsa mudzi ndi fakitale, malo n'kuwamanga ndi chikalata cha malamulo chimene ngakhale ana ake sakanatha kuchimasula mwachisawawa.

Mu 1879 George ndi mkulu wake Richard anasamutsa fakitale yawo ya chokoleti kuchoka ku Bridge Street, pakatikati pa Birmingham, kupita kuminda, mtunda wa makilomita pafupifupi 6. Anasankha malowo chifukwa panali madzi abwino, njanji, ndi ngalande ya maboti ya Worcester and Birmingham yobweretsera katundu. Nthawi imeneyo anangomanga nyumba 16 za akapitawo. Ena onse ankayenda ulendo wa tsiku ndi tsiku kuchokera m'tauni. George ankaphunzitsa sukulu ya akuluakulu Lamlungu m'mawa ku Severn Street, ndipo ankadziwa mmene ophunzira akewo ankagonera: nyumba zomatana msana ndi msana, mpweya wosadutsa, chimbudzi chimodzi mabanja angapo. Mu 1893 anagula maekala 120 ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo mu 1895 kumanga kunayamba, mapulani akujambulidwa ndi William Alexander Harvey, mnyamata wa zaka za m'ma 20 chabe.

Njira yoyamba inamugwiritsa fuwa lamoto. Nyumba 143 zoyambirira anazigulitsa pa mtengo womangira basi, pa lizi ya zaka 999, ogula akupatsidwanso ngongole ya chiwongoladzanja chochepa. Dera litayamba kukongola, mtengo wa nyumba unakwera, ndipo ena mwa ogulawo anagulitsa zawo n'kutenga phindu. Thandizo lomwe linali la amphawi linathera m'matumba a anthu ochepa, nyumba n'kumapita kwa amene ali nazo kale. Ndiye George anasiya kugulitsa n'kuyamba kumanga za lendi, ndipo mu Disembala 1900 anapereka zonse, nyumba 313 ndi maekala 330, ku bungwe loima palokha la Bournville Village Trust.

Chikalata chokhazikitsa bungweli chinanena zinthu mwa manambala. Nyumba isadye malo opitirira kota ya puloti. Kotsalako ndi dimba. Gawo limodzi mwa magawo khumi a malo onse, osawerengera misewu ndi madimba a anthu, lisungidwe kukhala mapaki ndi mabwalo a masewero. Lendi inkawerengedwa kuti ibweze pafupifupi 4 peresenti ndalama zokonzetsera nyumba zitachotsedwa, ndipo phindulo silinkapita kwa munthu aliyense koma kukagulira malo ena ndi kumangira nyumba zina. A banja la Cadbury akhala ali m'bungweli kuyambira pachiyambi, koma ngati oyang'anira, osati ogawana phindu.

Mfundo ina imene ambiri saidziwa ndi iyi: sunkafunika kugwira ntchito kwa Cadbury kuti upeze nyumba ku Bournville. Ogwira ntchito pafakitaleyo sankafika ngakhale theka la okhalamo. Amene amadziwa moyo wa nyumba za pa esiteti, kumene ntchito ikatha lero mawa lake katundu ali panja, amvetsa kulemera kwa mfundoyi. Munthu ankatha kukangana ndi kapitawo, kusiya ntchito, koma kiyi wa nyumba n'kukhalabe m'thumba mwake.

Nyumbazo zinali za njerwa zofiira, zambiri ziwiriziwiri kapena zinayi pamzere, ndipo Harvey ankasinthasintha madenga, mawindo ndi makhonde kuti msewu usaoneke ngati malayini a asilikali. Dimba ankalipereka litalimidwa kale, kumapeto kwake atabzalako mitengo ya maapozi, mapeyala achizungu ndi mapulamu, kuti banja lizidya zake komanso mitengoyo izitchinga anthu oyandikana nawo. M'nyumba zing'onozing'ono munalibe chipinda chosambiramo, choncho beseni losambira ankalikwirira pansi m'khitchini n'kuikapo chivindikiro, kapena ankaliimika m'kabati kuti lizitsitsidwa pofuna kusamba. Madzi otentha anali pafupi, ku chitofu. Wolowa kumene ankalandiranso kapepala ka malangizo a zaumoyo, mpaka kumuuza kuti masamba a tiyi asakhale m'madzi kupitirira mphindi zitatu. Pamenepa mkuluyu ankalowerera ndithu.

A Cadbury anali a mpingo wa Quaker, ndipo mowa ankauona ngati gwero la umphawi. Chikalata chija sichinauletseretu, koma chinati kuti mowa ugulitsidwe pa malo a bungweli pafunika oyang'anira bungweli onse avomere polemba, popanda wotsala. Zotsatira zake, pakati pa Bournville panakhala popanda bala. Izi sizinathetse ludzu la anthu: ofuna kumwa ankangotsetserekera ku Stirchley kapena ku Cotteridge, ulendo wapansi wa mphindi zochepa. Komabe ambiri okhalamo mwambowu amaukonda. Mu 2007 anthu a m'derali anakaniza sitolo ya Tesco kupeza chiphaso chogulitsira mowa, ngakhale kuti mu 2015 kasitolo kena ka m'malire kanapatsidwa chiphasocho.

M'malo mwa bala, moyo wa mudzi unazungulira bwalo la udzu lapakati, lotchedwa Bournville Green. Pamenepo pali nyumba yopemphereramo a Quaker ya mu 1905, tchalitchi cha Anglican cha St Francis of Assisi cha mu 1925, masitolo, ndi kanyumba ka makona asanu ndi atatu kotchedwa Rest House, kamene kanamangidwa mu 1914 ndi ndalama zimene antchito anasonkha pokumbukira zaka 25 za ukwati wa George ndi Elizabeth Cadbury. Pamwamba pa sukulu ya pulayimale pali mabelu oimbira nyimbo amene George anaikitsa mu 1906 atamva a ku Bruges, ku Belgium; lero alipo 48, ndipo woimba amawaliza pomenya timitengo ndi zibakera komanso kuponda ndi mapazi. Usiku wa pa 24 Disembala anthu amadzaza bwaloli ndi nyali n'kumaimba nyimbo za Khirisimasi motsogozedwa ndi mabeluwo, ndipo nyengo yotentha kumakhala chikondwerero cha mudzi, ana akuvina mozungulira mtengo wa maliboni. Anthu ochokera ku Serbia amene anakhazikika ku Birmingham nkhondo yachiwiri itatha anamanganso tchalitchi chawo cha St Lazar m'derali, chomwe chinatha mu 1968.

Zophophonya zinalipo, ndipo n'zosabisika. Lendi ya ku Bournville inali yoposa mphamvu ya osaukitsitsa a mu Birmingham, moti amene anapindula kwambiri anali amisiri ndi makalaliki a malipiro okhazikika. Mtsikana wogwira ntchito pafakitale akakwatiwa ankayenera kusiya ntchito. Cholemera kuposa zonsezi n'chakuti koko wambiri amene ankabweretsa chuma chimenechi ankachokera ku zilumba za São Tomé ndi Príncipe, kumene Apwitikizi ankagwiritsa ntchito anthu otengedwa mokakamiza ku Angola. Kampani inamva za ukapolowu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, koma inasiya kugula koko wa kumeneko mu 1909, itapeza kale kogula kwina ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana. Nyuzipepala ya Standard itaidzudzula, kampani inasuma n'kupambana mlandu, koma khoti linaipatsa chipepeso cha farthing imodzi, kakobiri kosakwana ndi peni yomwe. Aliyense anamva tanthauzo lake.

Chikalata cha 1900 chinayesedwa kawiri. Koyamba munali mu 1967, Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lolola anthu a lizi yaitali kugula malo amene nyumba zawo zaimapo. Izi zikanachotsa mphamvu zonse za bungweli pa nyumba zogulidwazo, koma mu 1972 linapeza chilolezo cha khoti lalikulu choti lipitirize kuyang'anira maonekedwe a dera lonse. N'chifukwa chake lero ngakhale mwini nyumba amalipira ndalama ya pachaka yosamalira malo a onse, ndipo akafuna kuwonjezera chipinda, kusintha mawindo kapena kuzula mpanda wa zitsamba kuti aimikepo galimoto, amayamba wapempha chilolezo ku bungweli, kuwonjezera pa cha khonsolo ya mzinda. Amene amamanga kaye n'kupempha pambuyo amatha kuuzidwa kuti abwezere mmene zinalili, ndi ndalama zake. Ndipo pogulitsa nyumba, maloya a wogula amafunsa makalata a chilolezowo, akasowa malonda amaima.

Kachiwiri munali mu 2010, kampani ya ku America ya Kraft itagula Cadbury pa mapaundi pafupifupi 11.5 biliyoni. Kraft inatseka fakitale ya Somerdale kufupi ndi Bristol, imene inali italonjeza kuti siitseka. Fakitale ya Bournville lero ili m'manja mwa Mondelez, kampani yochokera mu Kraft yomweyo, koma ogulawo sanapeze nyumba ngakhale imodzi ya bungweli, chifukwa sizinali katundu wa kampani. Derali lakula kufika maekala pafupifupi 1,000 ndi nyumba pafupifupi 8,000, za lendi ndi za eni ake zosakanikirana.

Mavuto a lero ndi ena. Nyumba zogulitsa zakwera mtengo moti ana obadwira momwemo ambiri sangazikwanitse, ndipo ofuna za lendi amadikira pamndandanda nthawi yaitali. Nyumba zakale zija zili ndi makoma a njerwa opanda mpata pakati ndi mawindo a galasi limodzi, choncho nyengo yozizira zimadya ndalama zambiri za gasi. Njira yotchipa yotsekera kuzizira ndiyo kukuta khoma kunja ndi kuika mawindo apulasitiki, koma pakati pa mudziwu, pamene panalengezedwa kukhala dera lotetezedwa mu 1971, zimenezi zimawombana ndi malamulo osunga maonekedwe. Chotsala ndi kukutira mkati, komwe kumachepetsa chipinda ndipo kukachitidwa mosasiya polowera mpweya kumabweretsa chinyezi ndi nkhungu m'makoma.

Ndife owerenga anu,
Birmingham