Kalata kwa Bambo a Tadala, pa za ku Marondera ndi nyumba ya ku Mabvuku

Mabvuku, Harare

Bambo a Tadala, mwana wanga,

Moni nonse kumeneko ku Glen View. Ine ndadzuka bwino, kupatula mawondo amene mukuwadziwa kale. Ndaganiza zolemba chifukwa Lamulungu lija tinalankhulana ngati anthu okanganirana malo pamjigo, ndipo munanyamuka tiyi ali wotentha m'kapu. Pakamwa ndimathamanga, koma ndikagwira cholembera ndimayamba ndaganiza. Muwerenge mofatsa, kenako muwamasulire Mayi a Tadala m'Chishona osadumpha mzere, popeza nkhaniyi ndi yawonso.

Sindinakukanizeni kusamukira ku Marondera. Pitani ndithu. Ndaona mmene Harare wakudyerani. Zaka 12 muli loja m'zipinda ziwiri, lendi ikulipidwa m'madola a ku America, ndipo mwini nyumba amawerenga ngakhale alendo amene alowa kuchimbudzi. Ku Siyaso, msika wa amisiri wa ku Mbare uja, owotcherera zitsulo mwachulukana mwakuti munthu akabwera ndi geti limodzi mumamuthamangira anthu asanu. Za madzi sindinganene zambiri, ine wa ku Mabvuku amene ndinaiwala kulira kwa mpope. Koma 2018 sindinaiwale. Kolera itayambira ku Glen View ndi ku Budiriro ndinagona masiku angapo foni ili m'manja, kudikira uthenga woipa wa adzukulu anga. Mayi amene anaona zimenezo sangauze mwana wake kuti akakamire m'tauni.

Komanso Marondera si kutali. Kuchokera pakati pa Harare ndi makilomita 70 ndi pang'ono, ndipo msewu wake ndi womwewu wa ku Mutare umene umadutsa pakhomo pathu. Ukakwera pa mphambano ya Mabvuku, wadutsa Ruwa, Melfort, Bromley, wafika. Masiku ena kuchoka kuno kupita kwanu ku Glen View, ndi makombi awiri ndi kuyembekezera m'tauni, kumanditengera nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Za ntchito yanu mukudziwa kuposa ine, koma ndinagulitsa tomato ndi matemba pa msika zaka zambiri, choncho za ngongole ndimvereni. Ndalama ya tauni yaing'ono imayenda ndi nyengo ya alimi. Misika ya fodya ikatsegulidwa cha m'Malichi anthu amakhala ndi ndalama, amagula malata, amaika mageti ndi mabagala m'mawindo. Koma ngolo ndi mapulawo zimathyoka mvula ikugwa, Disembala ndi Januwale, nthawi imene m'matumba mwa mlimi muli mphepo yokha. Adzabwera kwa inu ndi mawu okoma, "Ndikonzereni, ndidzalipira fodya akagulidwa." Mu Harare munthu wotere mumamubweza chifukwa simudzamuonanso. Kumeneko mudzakumana naye kutchalitchi, kumaliro ndi pa sukulu ya ana, ndiye kukana kumavuta, kukalonjerera ngongole kumavutanso koposa. Gulani kope lachikuto cholimba. Chitsulo ndi ndodo zowotcherera azilipira ntchito isanayambe, ngongole ikhale ya thukuta lanu lokha. Ndipo jenereta ija musaigulitse poganiza kuti kumeneko magetsi ndi abwino. A ku Marondera ndi a kuno amachokera ku Kariba ndi ku Hwange komweko, madzi akachepa ku Kariba tonse timakhala mumdima umodzi.

Pakamwa panunso musamale. Munatengera ine, mumayankha msanga. Mu Harare ukatukwanizana ndi kondakitala, mawa wakwera kombi ina. Kumene mukupitako kondakitalayo angakhale mlamu wake wa munthu amene mukufuna akubwerekeni malo a shopu. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Chaka choyamba muzipita kumaliro a anthu oyandikana nawo ngakhale womwalirayo simunamuonepo, mugwire fosholo pamodzi ndi amuna anzanu. Anthu a kumeneko adzayamba kukudziwani kumanda, ku shopu adzabwera pambuyo pake.

Tsopano ndifike pa chimene chinatiyambanitsa. Mukuti tigulitse nyumba ino, ndalamazo tigule sitandi, malo omangapo nyumba, ku Marondera ndi kumanga shopu, ine ndibwere kudzakhala nanu. Ndikudziwa kuti munanena ndi mtima wabwino, simukufuna kundisiya ndekha. Koma nyumba ino sigulitsidwa ine ndili moyo, ndipo ndikupemphani kuti ngakhale nditapita musafulumire.

Mayi a Tadala ali ndi kwawo ku Murewa. Zinthu zikavuta ali ndi munda, ali ndi achimwene awo, ali ndi manda a makolo awo. Anzanu ambiri a ku Siyaso ndi choncho, Khrisimasi ikafika amakwera basi pa Mbare Musika kupita kumudzi. Inu mungakwere yopita kuti? Bambo anga anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 pa malole a Ulere amene ankanyamula anthu ofuna ntchito osalipiritsa, anawoloka Zambezi, n'kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya a kuno kukadali Southern Rhodesia. Ankati akhala zaka ziwiri, agule njinga ndi mabulangete, abwerere. Sanabwerere. Kumudzi anthu otere amawatcha matchona. Ine ku Dedza ndinapitako kawiri m'moyo wanga wonse, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, ndipo ulendo wachiwiri anandilandira bwino kwambiri, kundiphera nkhuku, kundiyalira mphasa yatsopano, monga amachitira ndi mlendo amene akudziwa kuti Lachisanu anyamuka. Munda wa amayi awo a bambo anga unali utagawidwa kalekale. Sindinawadandaule. Munthu sungasowe zaka 60 n'kumayembekezera kuti akusungira mizere.

Ndiye mudzi wathu ndi zipinda zinayi zino. Mabvuku anamangidwa kuti muzikhala anthu ogwira ntchito m'nyumba za azungu cha ku Greendale ndi ku Highlands, n'chifukwa chake ife a ku Malawi ndi a ku Mozambique tinachuluka kuno ndi ku Tafara. Malemu bambo anu ankapalasa njinga m'bandakucha kukaphika ku Greendale, kubwerako usiku. Nyumbayi tinayamba ndi kubwereka, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1980 tinapatsidwa mwayi woigula pang'onopang'ono. Malisiti onse ali m'chitini cha mabisiketi chija pansi pa bedi. Tsiku lina mudzawawerenge, muone miyezi imene tinadya nsima ya mchere kuti risiti lisadumphe.

Munali mnyamata wamkulu mu 2005, simungaiwale Murambatsvina, pamene boma linagwetsa nyumba zopanda mapepala. Tizipinda ta kuseri tinagwetsedwa m'malokeshoni monse, m'nyengo yozizira, ndipo anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kumene anachokera. Amene anali ndi kumudzi anakweza katundu pa malole akulira, koma anapita. Anzathu obadwira m'mafamu ndi m'migodi analibe kolowera. Ena anakatayidwa ku Caledonia, pafupi pomwepa, kugona panja mu Juni. Ife tinagwetsa tokha kachipinda kathu ka kuseri, koma nyumba yaikulu inaima chifukwa inali ndi mapepala, ndipo usiku umenewo munagona mabanja atatu muno. Inu munagona kukhitchini, miyendo itatulukira pakhomo. Zaka zisanu zokha izi zisanachitike, mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, abale athu ambiri ogwira ntchito m'mafamu anataya ntchito ndi pogona tsiku limodzi, popeza nyumba zimene ankakhalamo zinali za bwana. Kawiri konse ndinaona ndi maso anga kuti munthu wa mtundu wathu akataya denga, palibe mfumu imene imamuitana kuti idzamupatse malo.

Mwina muti sitikutaya nyumba, tikungoisandutsa nyumba ina. Pakati pa kugulitsa ino ndi kumaliza inayo padzakhala miyezi, mwina zaka, pamene chuma chonse cha bambo anu chidzakhala ndalama. Ndalama ya dziko lino ndaiona ikusintha dzina ngati mkazi wokwatiwa kambirimbiri. Tinali ndi dola lathu, kenako mabearer cheque, mu 2008 tinanyamula mabiliyoni osagula buledi, mu 2016 kunabwera mabond note, mu 2019 madola amene anthu anasunga kubanki anadzuka ali ndalama ina yotchedwa RTGS, mu 2024 kunabwera ZiG. Mayi wina amene tinkapemphera naye anagulitsa nyumba yake pa mzere wachitatu kuchokera pano chakumapeto kwa 2007, kuti akamange kwa mwana wake. Pamene ndalama zinatuluka, zinagula zitseko ziwiri ndi matumba ochepa a simenti. Anamwalira ali loja. Ndipo za anthu ogulitsa sitandi imodzi kwa anthu atatu, kapena kugulitsa dambo limene mawa nyumba zake zidzagwetsedwa, mwazimva nokha kuno ku Harare. Musaganize kuti akuba otere amathera pa Ruwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Musaiwalenso kuti simuli nokha. Mlongo wanu ali ku Johannesburg, ndipo mukudziwa mmene mapepala a anthu athu alili kumeneko, chaka chino awonjezera, chaka chamawa sizidziwika. Tsiku limene adzamuuze kuti anyamuke, adzatsikira pa Mbare ndi ana awiri ndi zikwama. Adzalowera kuti ngati pakhomo pano padzakhala munthu wina?

Maganizo anga ndi awa. Ine zipinda zinayi sindizifuna. Ndisunga chimodzi ndi khitchini, ziwirizo tiikemo loja, ndipo ndalama yake mwezi ndi mwezi izipita kwa inu kuti ithandize lendi ya ku Marondera. Kafuneni nyumba yobwereka ku Dombotombo, ku Nyameni kapena ku Cherutombo, mukhale kaye nyengo ziwiri za fodya. Mukaona kuti shopu ikudyetsa banja ngakhale mu Febuluwale, pamenepo muyambe kufunsa za sitandi, ndipo mukaifunse ku khonsolo ndi miyendo yanu, osati kwa munthu wokumana naye pa bala. Zikakanika, palibe manyazi, msewu ndi womwewu.

Za ana. Tadala ali mu Grade 7, musamusunthe pakati pa chaka. Anamulembetsa kale mayeso a ZIMSEC pa sukulu yake, msiyeni amalize. Ngati inu mukufuna kunyamuka mu Ogasiti, Mayi a Tadala atsale naye kufikira atalemba, inu mutsogole nokha kukakonza malo. Nthawi yomweyo muyambe kufunafuna malo a Form 1 kumeneko, musadikire Januwale. Marondera ndi yotchuka ndi sukulu zabwino, koma zina mwa izo, monga Peterhouse, ndi za ana a anthu ena, inu mungodutsa pa geti n'kuyang'ana ngati analiwotcherera bwino. Wamng'onoyo mukamutengere kalata yosamukira kwa ahedi asanatseke temu.

Mapepala a ana onse akhale m'manja mwanu musananyamuke, makamaka zikalata zobadwira zazitali zija. Ine ndinayenda zaka zambiri ndi chitupa cholembedwa kuti ALIEN, chonsecho ndinabadwira pa famu mdziko lomwe lino. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndi amene anatitsegulira njira ife obadwira kuno kwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo, ndipo malamulo omwewo anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Komabe kalaliki akaona dzina loti Phiri amayamba mafunso ambiri, ndiye ndi bwino mafunsowo muwayankhiretu kuno kumene kuli mboni zokudziwani.

Sosaite ya maliro musaisiye. Muzitumiza ndalama yake pa foni, pa EcoCash, kwa ine, ndizikapereka. Ndi anthu amenewa amene anakumba manda a bambo anu ndi kutiimbira nyimbo m'chilankhulo chathu usiku wonse. Mukatengenso kalata ya mpingo kwa abusa athu a CCAP, ndipo muwafunse za anthu athu a kumeneko, popeza m'mafamu ozungulira Marondera a Phiri, a Banda ndi a Mwale sasowa. Chimene chimandiwawa ndi chakuti adzukulu anga Chichewa amachimva kwa ine ndekha. Ndikawafunsa kuti mwadzuka bwanji amandiyankha m'Chishona, akuseka. Sindikuwaimba mlandu Mayi a Tadala, mlanduwo ndi wanu, amene mumalankhula Chichewa pokhapokha mwakwiya. Ana asadzakule akuganiza kuti chilankhulo cha agogo awo ndi chokalipira anthu. Tchuthi chilichonse azibwera kuno, ndizikawaonetsa gule ku Tafara, ngakhale abusa asamve.

Iwe mwana wanga, ndinakubereka m'nyumba muno mvula ikugwa, galimoto yopita kuchipatala itasowa. Usandikwiyire chifukwa cha makoma amenewa.

Ku Marondera kumazizira kuposa kuno, ndi kumtunda, mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka woyera ndi chisanu. Mabulangete awiri olemera aja ali mu wadiropu ndi anu, ndawachapa kale. Ndakusungirani mbewu ya nkhwani ndi ya therere m'botolo, popeza mwati nyumba za kumeneko zimakhala ndi kabwalo kuseri. Mubwere Loweruka mudzatenge, ndipo mubwere ndi makina anu, geti lakumaso lathyokanso pa hinji ya m'munsi ndipo loja sangalowe m'nyumba ya geti lomangidwa ndi waya.

Ndine mayi anu.