Kodi ndiike cold air intake pa galimoto yanga yakale, kapena ndibwezere zimene inabwera nazo?

Alangizi,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa nthawi yaitali, ndipo lero ndaona kuti ndikulembereni chifukwa pali nkhani ya galimoto imene yandizunguza mutu kwa milungu ingapo tsopano. Galimotoyo ndi ya chaka cha 1999, ya petulo, injini yake ndi ya masilinda anayi ya malita 1.8, ndipo yayenda makilomita opitirira 280,000. Si galimoto yampikisano ayi, ndi yopitira kuntchito, yotengera ana kusukulu ndi yoyendera ulendo wautali mwa apo ndi apo. Ndinaigula yogwiritsidwa kale ntchito zaka 9 zapitazo, ndipo chiigulireni injini yake sinatsegulidwepo, ngakhale kuti masiku ano yayamba kudya oilo pang'ono.

Vuto linayamba mwezi wathawu pamene injini inayamba kunjenjemera ndikaima pa maloboti, ndipo patapita masiku awiri nyale ya check engine inayaka. Amakaniko amene amandikonzera galimoto atalumikiza makina awo anapeza nambala ya P0171, imene anandiuza kuti imatanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Anafufuza kwa kanthawi, kenako anamasula paipi ya labala yamakwinya ija imene imachoka pa sensa ya MAF (yoyesa kuchuluka kwa mpweya wolowa mu injini) kupita ku throttle body (pamene pali chitseko cha mpweya chimene chimatseguka munthu akaponda mafuta), n'kuipinda pamaso panga. Kunsi kwake, mkati mwa khwinya limodzi, munatseguka mng'alu wautali ngati chala changa chaching'ono, umene sunkaoneka konse paipiyo ili pamalo pake. Nditapisa chala mkati mwa paipiyo chinatuluka ndi fumbi losalala ngati ufa, ndipo mtima unandipweteka poganiza kuti fumbi limenelo lakhala likulowa m'masilinda kwa nthawi imene sindikuidziwa. Tinapezanso kuti pa zomangira zinayi za bokosi la fyuluta ziwiri zinathyoka kale, moti chivundikiro sichikhala bwino. Pakali pano paipiyo takulunga ndi tepi ndipo bokosilo talimanga ndi waya, koma aliyense akudziwa kuti zimenezi n'zongodikirira.

Choncho kugula ndiyenera kugula ndithu, funso n'lakuti ndigule chiyani. Mng'ono wanga, amene amakonda kwambiri zokongoletsa ndi kusintha magalimoto, akuti umenewu ndi mwayi wochotsa bokosi lonselo n'kuika cold air intake, imene ndi paipi yotakata ndi fyuluta yake zopangidwira kukoka mpweya wozizira, chifukwa injini idzapuma bwino, mphamvu idzawonjezeka ndipo mafuta adzachepa kudya. Amakaniko aja atamva zimenezi anangopukusa mutu n'kunena kuti amene anapanga galimotoyo sanali opusa. Onse awiri ndimawakhulupirira, koma wina ndi wachinyamata wokonda phokoso, winayo ndi munthu amene sakonda chilichonse chimene sichinabwere ndi galimoto, ndiye ndikufuna maganizo a munthu amene sali mbali iliyonse.

Ndayesetsa kuimvetsa nkhaniyi pandekha, ndipo mundikonze ngati ndalakwitsa. Mpweya wozizira ndi wothinana kuposa wotentha: pa madigiri 20, kiyubiki mita imodzi ya mpweya imalemera makilogalamu pafupifupi 1.2, pamene pa madigiri 60 imatsika kufika pafupifupi 1.06. Izi zikutanthauza kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, mpweya wolowa mu silinda umachepa ndi pafupifupi 3 peresenti. Popeza injini ya petulo imafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta potengera kulemera, mpweya wochuluka umalola kompyuta kuthira mafuta ochuluka, ndipo mphamvu imachokera pamenepo. Mfundo imeneyi ndilibe nayo vuto. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti nditatsatira bwinobwino bokosi lakale lija, ndinapeza kuti lili ndi kapaipi kapulasitiki kamene kamapita kukatenga mpweya kuseri kwa nyale yakutsogolo, kutali ndi ekizozi ndi redieta. Ngati zili choncho, ndiye kuti galimotoyi imakoka kale mpweya wakunja, ndipo sindikuona bwino chimene chipangizo chatsopanocho chidzaziziritse.

Palinso china chimene chikundikayikitsa. Ine ndimayendetsa mofatsa, ndipo kawirikawiri singano yosonyeza kuzungulira kwa injini sipitirira 3,000. Monga ndamvera, phazi likangopondako pang'ono, chimene chimachepetsa mpweya kwambiri ndi chitseko cha throttle chimene chatseguka pang'onocho, osati fyuluta kapena bokosi, moti phindu la paipi yotakata limaoneka pokhapokha munthu akaponda mpaka pansi injini ikuzungulira mothamanga. Ogulitsa amalemba pa makatoni awo mphamvu imene imawonjezeka, koma ndikuganiza kuti manambala amenewo amawapeza pamene injini ili pafupi ndi mzere wofiira, malo amene ine ndimafikako mwina kawiri pa chaka podutsa lole pamtunda. Nkhani ya mafuta nayonso sindikuimvetsa, chifukwa ngati kompyuta imathira mafuta molingana ndi mpweya, kupulumutsako kuchokera kuti? Ndikukayikira kuti ambiri amene amati galimoto yawo yayamba kuthamanga amakhala akumva phokoso chabe, popeza bokosi lakale limakhala ndi timabokosi tina topanda kanthu mkati timene ntchito yake ndi kuzimitsa kulira kwa mpweya, ndipo tikachotsedwa injini imabangula. Ndisabise, kubangulako nanenso ndimakukonda, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhaniyi sindinaitaye tsiku lomwelo.

Zipangizo zimene ndaziona zili za mitundu iwiri. Pali yaifupi, imene amaitcha short ram, imene fyuluta yake yooneka ngati chulu imakhala m'kati mwa boneti momwemo. Imeneyi ndi yosavuta kuika, koma ndikuona kuti ikhoza kuipitsa zinthu m'malo mokonza, chifukwa galimoto ikaima pamzere wa magalimoto dzuwa likuswa mtengo, idzakhala ikumeza mpweya wotentha wochokera ku redieta ndi ku ekizozi. Ena amaikapo chitsulo chotchinga kutentha, koma sindikudziwa ngati chimathandizadi pamene sichikugunda boneti ndi kutseka mbali zonse. Mtundu wachiwiri ndi wa paipi yaitali imene imatsika mpaka kuseri kwa bampa, pafupi ndi tayala lakutsogolo, ndipo umenewu ndi umene umatengadi mpweya wozizira.

Wachiwiriwu ndi umene ukundiopsa kwambiri. Msewu umene ndimadutsa tsiku ndi tsiku uli ndi malo otsetsereka pamene madzi amadikha mvula ikagwa yambiri, ndipo kangapo konse ndawolokapo madzi akufika pakati pa matayala. Ndi bokosi lakale sindinavutikepo chifukwa kamwa lake lili pamwamba. Koma fyuluta ikakhala pansi pa bampa n'kumira, injini imakoka madzi ngati munthu womwera m'kapaipi, ndipo popeza madzi sapanikizika ngati mpweya, pisitoni ikakwera imakumana ndi chinthu chosasunthika, ndodo yake n'kupindika kapena kuthyoka. Pa galimoto ya zaka zoposa 25, zimenezo zikhoza kukhala mapeto ake, chifukwa kugula injini ina sikungakhale kwanzeru. Ndamva kuti pali valavu yapadera imene imaikidwa pamwamba pa paipi kuti izitseguka fyuluta ikamira, ndiponso pali nsalu yoveka fyuluta yoletsa madzi othovukira. Kodi zimenezi n'zodalirika moti munthu angawoloke nazo madzi mtima uli m'malo, kapena zimangochepetsa ngozi pang'ono?

Kenako pali nkhani ya fyuluta yeniyeniyo, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa mphamvu. Mafyuluta ambiri a zipangizozi ndi a nsalu ya thonje yopakidwa oilo, monga a K&N, ndipo ena ndi ouma osafuna oilo, monga Dryflow ya AEM. Ubwino wake ndi wakuti amachapidwa n'kubwezeredwa m'malo motayidwa. Koma nzeru zanga zikundiuza kuti chinthu chimene chimalola mpweya wambiri kudutsa chili ndi mabowo aakulu, ndipo pamene mpweya wadutsa mosavuta fumbi losalala likhoza kudutsanso. Gawo lina la ulendo wanga wa tsiku ndi tsiku ndi msewu wafumbi, ndipo injini imene yayamba kale kudya oilo ili ndi maring'i otopa amene sangapirire kukhulidwa kwina. Ndikudziwa kuti pali njira yovomerezeka yoyesera mafyuluta a mpweya yotchedwa ISO 5011, imene imayesa kuchuluka kwa fumbi limene fyuluta imagwira ndi mmene imatsekekera, koma zipangizo zotchipa zimene mng'ono wanga anandionetsa sizitchula chilichonse chotere. Kodi ndikhale ndikufunsa zotsatira za mayeso amenewa ndisanagule, ndipo kodi pali fyuluta yochapa imene imagwira fumbi mofanana ndi yapepala yabwino? Ndauzidwanso kuti munthu akapaka oilo wambiri pa fyuluta ya thonje atachapa, oiloyo amauluka n'kukamata kawaya kotentha ka m'kati mwa sensa ya MAF, kamene kamayesa mpweya poona mmene ukukaziziritsira, ndipo sensayo imayamba kunama. Ndikudzidziwa kuti dzanja langa ndi lolemera pothira zinthu, choncho zimenezi si nkhambakamwa kwa ine.

Sensa yomweyo yandibweretsera funso lina. Galimoto zina za zaka zimenezo zimagwiritsa ntchito sensa ya MAP, imene imayesa mphamvu ya mpweya m'kati mwa manifodi ndipo sisamala kwambiri kuti paipi yakutsogolo ndi yotani. Yanga ndi ya MAF, ndipo kompyuta yake inakonzedwa poganizira kukula kwa paipi imene sensayo imakhalamo. Ngati paipi yatsopano ili yotakata pamalo amenewo, mpweya udzadutsa pang'onopang'ono pa kawaya kaja, kompyuta idzaganiza kuti walowa wochepa, ndipo ndidzabwereranso ku P0171 yemwe uja, kapena P0101 yosonyeza vuto pa sensa ya MAF, nditawononga ndalama. Popeza galimotoyi ndi yakale, sindinapeze chipangizo cholembedwa kuti chinapangidwira mtundu wake ndi chaka chake. Zimene zilipo ndi zija amati zimakwanira galimoto iliyonse, zimene munthu amachita kudula ndi kulumikiza yekha. Chimodzi chimene ndinachigwira m'manja chinali paipi ya aluminiyamu yonyezimira bwino, koma chinalibe polumikizira kapaipi kotulutsa nthunzi ya oilo kochokera pamwamba pa injini, ndipo wogulitsayo anangoti tidzaboola. Aluminiyamuyo nayenso akundikayikitsa, chifukwa chitsulo chimatenga kutentha msanga kuposa pulasitiki, ngakhale ena amati mpweya umadutsa mofulumira moti sukhala ndi nthawi yotenthedwa. Komanso malabala amene injini yanga imakhalira atopa, injiniyo imagwedezeka ndikasintha giya, ndipo ndikuopa kuti paipi youma yomangidwa ku thupi la galimoto idzang'ambika kapena kuzuka pa malumikizidwe.

Za malamulo sindikufuna kutalikitsa. Ndaona kuti zipangizo zina zimakhala ndi nambala ya EO yochokera ku bungwe la CARB la ku California, kusonyeza kuti sizisokoneza zoletsa utsi, ndipo ndikufuna kudziwa ngati nambala imeneyo ingakhale chizindikiro cha chipangizo chopangidwa mosamala ngakhale kwa munthu amene sakhala kumeneko. Ndiuzeninso ngati kusintha kotere ndiyenera kukuulula kwa a inshuwalansi.

Njira imene yatsala ndi yobwezera zakale: kugula paipi ya labala yatsopano, kupeza bokosi lina la galimoto yophwasulidwa, n'kuikamo fyuluta yapepala, kapena fyuluta yafulati yochapa imene imalowa m'bokosi lomwelo. Mtima wanga ukupendekera kumeneko, koma nakonso kuli zovuta zake. Paipi yatsopano ya mtundu umenewu ikuvuta kupeza, ndipo iwiri yakale imene amakaniko anandibweretsera inali youma ngati yanga yomwe. Imodzi itapindidwa inaonetsa timing'alu tating'ono m'makwinya. Sindikufuna kugula chinthu cha zaka 25 kuti chilowe m'malo mwa chinzake cha zaka 25. Kodi n'zotheka kusunga bokosi ndi nyumba ya sensa monga zilili, n'kungosintha paipi yong'ambikayo ndi ya silikoni ya kukula komweko, ngakhale ilibe makwinya olola injini kugwedezeka?

Chimene ndikupempha, alangizi, n'chakuti mundiuze mosabisa ngati pa injini yaing'ono, yakale, yosasinthidwa china chilichonse, cold air intake ingandipatse phindu limene ndingalimve poyendetsa mwa masiku onse, kapena ngati ndidzangogula phokoso n'kulipira ndi fumbi ndi mantha a madzi. Ngati mukuona kuti ilipo yoyenera, ndiuzeni zoyang'ana pogula ndiponso zimene amakaniko ayenera kuyesa ndi makina awo ikaikidwa, makamaka manambala a fuel trim (osonyeza mmene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsera mafuta) ndi kutentha kwa mpweya wolowa, kuti tiyerekeze ndi mmene zinalili poyamba. Tepi ija yayamba kale kumatuka m'mbali chifukwa cha kutentha, ndipo dzulo madzulo injini inanjenjemeranso pang'ono ndili pa maloboti, choncho sindingathe kudikira nthawi yaitali.

Ine wanu,
Mwini galimoto ya 1999