Bra ikamaluma, musamadzudzule thupi lanu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani imene amayi timangonong'onezana kuseri kwa benchi, chonsecho imatisowetsa mtendere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndikunena za bra, imene agogo anga ankaitchula kuti kamisolo. Wina aseka kuti nkhani yotereyi ikudzatani m'nyuzipepala. Aseke. Ine ndagulitsa mabra a kaunjika ku Limbe kwa zaka 14, ndipo zimene ndaona pamapewa ndi pansi pa mabere a makasitomala anga ndi zimene zandigwiritsa cholembera.

Kagulidwe kathu kali motere. Mayi amafika, amasanthula mulu, amatola imene yamusangalatsa mtundu, amaigunditsa pamwamba pa bulauzi uku akucheuka ngati pali mwamuna amene akumuona, kenako amaipinda msangamsanga n'kuiponya m'chikwama. Wina amalowetsa chibakera m'kapu, kathumba kolowamo bere, akati chakwana ndiye kuti basi. Wina amangoti, "Ndipatseni 36," osatchula chilembo. Wina ali ndi ana anayi koma amalimbikira kuti, "Ine ndimavala B kuyambira ndili ku sekondale." Mawa lake amabwerera nkhope ili gwaa, kuti ndawagulitsa chinthu choluma.

Chaka chatha kunabwera mayi wina wa Mvano, wamsinkhu wa amayi anga, akufuna bra yoyera yovalira mkati mwa yunifolomu. Anati amavala 40B. Nditawapempha kuti tibisale kuseri kwa chitenje chimene ndinamangirira pa benchi yanga, ndinaona mapewa awo ali ndi ngalande ziwiri zakuda, zolowa ndithu moti chala chimakhalamo. Lamba wakumsana anali atakwera mpaka kufika pafupi ndi khosi, ndipo kutsogolo bere lililonse linali litadulidwa pawiri ndi mlomo wa kapu, kuoneka ngati mabere anayi. Anandiuza kuti madzulo aliwonse amamva mutu ndi khosi, ndipo anazolowera kuti ndi ukalamba. Ndinatulutsa tepi. Pansi pa mabere, pa nthiti, panakwana mainchesi 34. Pamwamba pa mabere, mainchesi 41. Ndinawauza kuti, "Amayi, inu ndi 34F." Anaseka mpaka kugwira benchi. "Mwanawe, F ndi ya anthu a pa kanema, ine ayi." Ndinafukula m'thumba la zosagulika, chifukwa masaizi amenewa anthu amawathawa, ndinapezamo imodzi ya kampani ya ku Britain ya Marks & Spencer ya misoko itatu. Atavala anakhala kaye chete, n'kukweza manja m'mwamba, n'kutsitsa. Anangoti, "Zingwe zija zili kuti? Sindikuzimva."

Chimene chinawachitikira mayi amenewa ndi chimene chikuchitikira ambiri: lamba wamkulu kwambiri, kapu yaing'ono kwambiri. Bere likamasefukira, ife timaganiza zokweza nambala, kuchoka pa 36 kupita pa 38 kenako 40, pamene chofunika kukwera ndi chilembo. Nambala ndi muyezo wa chifuwa pansi pa mabere. Chilembo ndi kusiyana kwa muyezo wa pansiwo ndi wa pamwamba pa mabere. Pa mabra a ku Britain, amene ndi ambiri m'mabelo athu, inchesi imodzi ndi A, awiri ndi B, atatu C, anayi D, asanu DD, asanu ndi limodzi E, asanu ndi awiri F, kenako FF, G, mpaka kumtunda. Ndiye D payokha sikutanthauza bere lalikulu. Mtsikana wowonda wa 30D ali ndi bere locheperapo kuposa mayi wa 38B. Ndipo kapu ya 32D, ya 34C ndi ya 36B zimanyamula bere lofanana, chasiyana ndi kutalika kwa lamba basi. Izi zimathandiza pa kaunjika pomwe sungaitanitse saizi yako: lamba wa 34C akakhala wothina koma kapu ili bwino, funani 36B, osati 36C.

Zilembo za pa lebulo nazo zimasokoneza. Bra yolembedwa 75 si ya chimphona ayi, ndi muyezo wa ku Germany ndi mayiko oyandikana nawo, wa masentimita, ndipo imafanana ndi 34. 70 ndi 32, 80 ndi 36, 85 ndi 38. Koma a ku France amawonjezera 15 pa nambala imeneyi, moti 90 yawo ndi 75 yomwe ija, 34 yathu. Ndaonapo mayi akutenga 90B ya ku France poganiza kuti ndi yaikulu, kufika kunyumba osakoweka n'komwe. A ku America akadutsa DD amalemba DDD pomwe a ku Britain alemba E. Lebulo zambiri zimalemba miyezo yonseyi pamodzi m'tizilembo ting'onoting'ono, ndiye muziwerenga mzere wa UK.

Komabe tepi imangokulozerani poyambira. Chomaliza n'kuvala. Ndipo kuvala kwake si kungokoweka n'kunyamuka. Weramani pang'ono, lowetsani dzanja m'kapu kuchokera kukhwapa, kokerani mnofu wonse kutsogolo kuti ulowe m'kapu. Zina mwa zimene amayi amazitcha mafuta a m'khwapa ndi bere lomwe lasowa malo. Mukatero m'pamene mumadziwa zoona za kapuyo.

Lamba ndiye amanyamula katundu, zingwe za pamapewa zimangothandizira. Lamba ayenera kuzungulira thupi mowongoka, kutsogolo ndi kumbuyo mulingo umodzi, ndipo zala ziwiri zizilowa koma osati dzanja lonse. Akamakwera kumsana ndiye kuti ndi wamkulu kapena lasitiki inafa. Musathamangire kufupikitsa zingwe, chifukwa m'pamene mumamukokera m'mwamba kwambiri ndi kudzicheka mapewa. Bra yatsopano imayenera kukwana pa ngowe zakumapeto, kuti lasitiki ikamatha muzisunthira mkati. Ya kaunjika inavalidwa kale ndi mwini wake, ndiye ikokeni kaye m'manja. Ikamalira kuti tetete ngati udzu wouma, kapena osabwerera msanga, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Ndikudzichotsera malonda ndekha pamenepa, koma ndi zoona.

Kansalu ka pakati pa makapu awiri kayenera kugona pafupa la pachifuwa. Kakamayandama, kawirikawiri kapu ndi yaing'ono kapena yosaya. Waya ayenera kukhala m'mphindi momwe bere lathera, pa nthiti, osati kupanikiza bere lenilenilo. Akamakubayani m'khwapa ndiye kuti ndi wamtali pa thupi lanu. Akamakhala pamwamba pa mnofu cha kumbali ndiye kuti ndi wopapatiza.

Tsono pali china chimene chinanditengera zaka kuti ndichimvetse. Amayi awiri akhoza kukhala ndi muyezo wofanana ndendende pa tepi, bra imodzi n'kumukhala wina, wina ayi. Mabere anaumbidwa mosiyana. Ine ndinayamwitsa ana atatu, ndipo anga anatsika, mnofu wambiri uli pansi, pamwamba pali pofewa. Kwa zaka ndinkagula mabra a siponji oumbidwa kale aja, chifukwa ndi amene amaoneka bwino pa hang'ala. Kapu inkakhala ndi mphako pamwamba moti ndinkasungamo ndalama za tsiku lonse, ine n'kumati kapu yandikulira. Kutsitsa saizi, waya n'kumandiluma. Vuto silinali saizi. Siponji youmbidwa ili ndi maonekedwe akeake, simvera bere. Bere ndi limene liyenera kufanana nayo. Kwa ife a mabere ofewa kapena otsika, yabwino ndi ya nsalu yosokedwa zidutswa ziwiri kapena zitatu, chifukwa misoko ija imanyamula kuchokera pansi. Ya balconette, ija yodulidwa mopingasa pamwamba ngati khonde, nayo imatikhala, popeza ilibe nsalu yambiri pamwamba yoti ichite makwinya.

Amene mabere awo ndi odzaza pamwamba, vuto lawo ndi losiyana: mlomo wa kapu umawadula. Iwowa afune kapu yotseguka pamwamba, kapena yokhala ndi leisi yotamuka kumtunda kwake. Amene mabere awo anayandikana kwambiri, kansalu kapakati kakakhala katali kamawabaya, ndiye atenge ya plunge, yotsika pakati ngati V. Amene mabere awo anatalikirana n'kuloza kumbali afune yokhala ndi nsalu yolimba m'mbali mwa kapu, yokankhira kutsogolo. Pali ena bere lawo n'lotambalala pachifuwa koma losatuluka kwambiri kutsogolo. Amenewa ndi amene siponji yosaya imawakhala bwino, ndipo kapu yakuya imawachitira makwinya kunsonga. Zingwe zikamagwa pamapewa ngakhale mutafupikitsa, mwina mapewa anu ndi otsetsereka; funani bra imene zingwe zake zimayandikana kumsana, kapena telala akusunthireni mkati pang'ono.

Za bere limodzi kukula kuposa linzake, atsikana amandinong'oneza ngati aulula tchimo. Amayi ambiri tili choncho. Gulani yokwana lalikululo, kwinako fupikitsani chingwe pang'ono kapena ikanimo kasiponji.

Atsikana a netiboli nawo amandimvetsa chisoni. Mwana wa mchemwali wanga ankavala mabra awiri nthawi imodzi popita kukasewera, n'kumangirira chitenje chong'amba pamwamba, chifukwa ankamva kuwawa akalumpha. Anatsala pang'ono kusiya masewerawo. Bra ya masewera imapezeka pa kaunjika, ndipo kwa wa mabere aakulu yabwino ndi yokhala ndi makapu awiri ndi ngowe kumbuyo, osati yongovala ngati vesiti. Makolo tikamagula nsapato za mwana wamkazi tizikumbukirako ndi ichi. Chimodzimodzi mayi woyembekezera ndi woyamwitsa: muyezo umasintha mwezi ndi mwezi, ndiye pa nthawi imeneyi ndi bwino yofewa, ya thonje, yosapanikiza.

Pali mphekesera imene ndatopa nayo, yoti waya wa bra kapena bra yakuda zimayambitsa khansa. Palibe umboni wa zimenezo. Chimene bra yosakwana imachita ndi kukucheka, kukusiyira zipsera ndi zidzolo pansi pa mabere, makamaka kutentha kwa mu Okutobala thukuta likamakhazikika pamenepo. Koma ndinene motsindika: mukamva chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere ikalowa mkati mwadzidzidzi, ikamatuluka magazi, kapena khungu likachita timaenje ngati khoko la lalanje, imeneyo si nkhani ya bra. Musabwere kwa ine, pitani kuchipatala. Ndinabwezapo mayi wina amene ankafuna kapu yokulirapo mbali imodzi chifukwa bere linali litayamba kutupa ndi kulimba pa miyezi iwiri yokha. Anandikwiyira kuti ndikukana ndalama, koma anapita.

Kuchapa kokha ndidutsepo mwachangu. Ya kaunjika ichapeni kaye musanavale. Chapani pamanja ndi madzi ozizira, osaipuma pamwala, osaifinya mopotokola chifukwa waya amapindika n'kuboola nsalu, osaisita, ndipo yanikani pamthunzi. Mukakhala ndi ziwiri muzisinthanitsa kuti lasitiki izipuma.

Pempho langa, a Mkonzi, likupita kwa anzanga ogulitsa ndi kwa oyang'anira misika. Tepi ya telala ndi yotchipa kuposa bra imodzi. Aliyense wogulitsa mabra akhale nayo ndipo aphunzire kuigwiritsa ntchito. Ndipo m'misika yathu mukhale kamalo kotchinga koti amayi aziyezeramo zovala zamkati. Chitenje changa chija mphepo ikawomba chimakwera, ine n'kumachigwira ndi dzanja limodzi, lina ndikusintha chingwe, maso ali pa katundu kuopa akuba. Amayi ambiri amakana kuyeza chifukwa cha manyazi amenewa, ndipo sindiwada.

Abambo amene mumabwera kudzagulira akazi anu, mumachita bwino, ndipo musamaime patali ngati mukugula chamba. Koma kukweza manja awiri m'mwamba n'kumati "ali chonchi" sikundithandiza. Musanachoke kunyumba yang'anani lebulo ya bra imene mayi amaikonda kwambiri, mujambule pa foni nambala ndi chilembo chomwe, ndipo muwafunse ngati imawakwera kumsana. Zotsalazo ndidzakusankhirani ine.

Nabanda,
Bangwe, Blantyre