Kalata kwa Akhristu: Mpingo m'Zaka Zotsiriza za Soviet Union

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu nonse. Mwezi uno pa mapemphero a Lachitatu tidzaphunzira za Akhristu a ku Soviet Union wakale, dziko limene linaphatikiza Russia ndi mayiko ena oyandikana nayo, choncho ndati ndiyambe ndakulemberani kuti mudzabwere mukuidziwa nkhani yake.

Kwa zaka pafupifupi 70 boma la chikomyunizimu linkaphunzitsa kuti kulibe Mulungu. Lamulo la 1929 linaletsa mipingo kusonkhanitsa ana n'kumawaphunzitsa mawu a Mulungu, ndipo matchalitchi ambiri anatsekedwa, ena n'kusandutsidwa mosungira katundu. Mikhail Gorbachev atatenga utsogoleri mu 1985 anayambitsa perestroika, yokonzanso chuma ndi kayendetsedwe ka boma, komanso glasnost, yolola anthu kulankhula poyera. Cholinga chake chinali kuchiritsa chipani chake. Koma anthu atangotsegula pakamwa, panalibenso wowatseka. Mu 1988 Gorbachev analandira Patriarch Pimen, mtsogoleri wa mpingo wa Orthodox wa ku Russia, ku Kremlin, likulu la boma ku Moscow, chaka chimene mpingo unkakondwerera zaka 1,000 za Chikhristu m'dzikolo. Mu 1990 anakhazikitsa lamulo la ufulu wachipembedzo. Mu Ogasiti 1991 akuluakulu ena a boma anayesa kulanda ulamuliro koma analephera, ndipo pa 25 Disembala chaka chomwecho Gorbachev anatula pansi udindo, dziko n'kugawikana.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti zitseko zitatsegulidwa, munalowa anthu odziwa kale kupemphera. Anawaphunzitsa ndani? Ambiri anali agogo aakazi, amene ankabatizitsa zidzukulu mwakabisira ndi kuziphunzitsa mapemphero m'nyumba. Gorbachev yemweyo anavomera kuti anabatizidwa ali mwana. Pamene zikalata za KGB, bungwe la akazitape a boma, zinaonekera, zinadziwika kuti atsogoleri ena a mpingo ankagwira ntchito ndi akazitape a boma. Zimenezi zikutichititsa manyazi ife ovala kolala. Ena anakhulupirika mpaka imfa, monga wansembe Alexander Men, amene anaphedwa ndi nkhwangwa mu Seputembala 1990 akupita kutchalitchi.

Ndiye ndikupempha makolo ndi agogo, musasiyire Sande sukulu yokha ntchito yophunzitsa ana. Sabata ino banja lililonse liwerenge Deuteronomo 6:4-9 ndi 2 Timoteo 1:5 madzulo musanagone. Akulu ampingo adzayendera mabanja m'milaga yawo kuti athandize amene alibe Baibulo, ndipo Lachitatu mubwere ndi ana anu.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.