Tisadutse pansi pa chingwe njira za paphiri zikatsekedwa moto utazima

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule, kudzera m'nyuzipepala yanu, ndi Amalawi anzanga amene tikukhala kuno ku Cape Town, makamaka ife amene timakonda kukwera phiri la Table Mountain, ena kukawongola miyendo, ena kukapemphera. Nkhani yanga ndi ya njira za paphiri zimene akuluakulu a nkhalango amatseka moto wolusa ukadutsa, ndiponso ya chizolowezi chathu chodutsa pansi pa chingwe ngati kuti chikwangwani choletsacho analembera anthu ena.

Ambiri mwa ife tikukumbukira Lamlungu la pa 18 Epulo 2021, pamene moto unabuka m'munsi mwa Devil's Peak, nsonga ya m'mbali mwa Table Mountain, pafupi ndi malo achikumbutso a Rhodes Memorial. Motowo unatentha lesitilanti ya pamalopo, unalowa pa yunivesite ya Cape Town n'kupsereza chipinda chowerengera cha Jagger, chimene chinkasunga mabuku ndi zolemba zosowa zokhudza mbiri ya Africa, ndipo unalumpha msewu waukulu wa M3 n'kutentha chigayo choyendera mphepo cha Mostert's Mill, chomangidwa mu 1796. Ophunzira pafupifupi 4,000 anasamutsidwa m'malo awo ogona, ndipo mahekitala pafupifupi 600 anasanduka lupsa. Motowo utazima, bungwe la SANParks, limene limayang'anira phirili, linatseka njira za mbali imeneyo.

Patapita milungu ingapo ndinapita kukaona lupsalo ndili kutsidya lino la chingwe. Ndili chiimire, kunatulukira abambo atatu atanyamula mabulangete ndi Mabaibulo, akucheza m'Chichewa. Tinapatsana moni mwansangala monga mmene timachitira tikakumana kutali ndi kwathu, ndipo nditawaonetsa chikwangwani, wamkulu wa gululo anandiyankha mwaulemu kuti, “Achimwene, moto unazima kalekale, nanga tikuopanso chiyani?” Anatukula chingwecho, anzakewo n'kuwerama n'kudutsa. Ndinawayang'ana akukwera, ndipo paliponse pamene ankaponda phazi linkamira m'phulusa n'kusiya kadzenje. Sindinawayankhe bwino tsiku limenelo, ndipo mpaka lero zimandipweteka mumtima. N'chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Choyamba chimene ndikanawauza n'chakuti moto wa paphiri suzima tsiku limene malawi asiya kuoneka. Zitsa ndi mizu ya mitengo ikuluikulu zimanyeka pansi pa nthaka kwa masiku ambiri, moti munthu akhoza kuponda pamene pakuoneka polimba, mwendo n'kutitimira m'makala a moto. Mitengo ya paini imene yapsa m'tsinde imaima ngati yabwinobwino, koma imagwa mosachenjeza ikaomba mphepo yamkuntho ya kum'mwera chakum'mawa imene tonse timaidziwa kuno. Miyala imene inkagwidwa ndi mizu imagwedezeka, ndipo mwala umene wakunkhunizidwa ndi phazi la munthu amene ali pamwamba umakapeza munthu wina m'munsi. Wovulala amakanyamulidwa ndi opulumutsa anthu kumapiri, amene ambiri mwa iwo ndi ongodzipereka, osalipidwa kanthu.

Koma chifukwa chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha zomera, mwina popeza ntchito yanga ndi yosamalira maluwa m'makomo mwa anthu. Kwathu tinazolowera lupsa. Tchire limapsa chaka ndi chaka m'chilimwe, ana amalowamo tsiku lomwelo kukakumba mbewa, ndipo mvula yoyamba ikangogwa udzu umabiriwiranso. Choncho Mmalawi akaona nthaka yakuda amaganiza kuti palibenso chimene angawononge. Tchire la kuno, limene amalitcha fynbos, limayenda mosiyana. Pachigawo cha Cape Peninsula chokha pali mitundu ya zomera yoposa 2,000, ndipo ina mwa iyo sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Zambiri mwa zomerazi zimadalira moto kuti zibereke. Mitundu ina ya zitsamba za maluwa zotchedwa protea imasunga mbewu zake m'zibalobalo zouma kwa zaka, ndipo imazimwaza pokhapokha mtengo ukapsa. Mbewu zina zimakhala zitakwiriridwa ndi nyerere, ndipo zina sizimera mpaka zitamva utsi. Kaduwa kena kofiira, kamene kuno amati fire lily, kamatuluka m'phulusa patangopita milungu iwiri moto utadutsa. Ndiye kuti lupsa limene ife timaliona ngati bwinja ndi nazale yofesa kumene, ndipo ndani mwa ife angalole mlendo kuyenda ndi nsapato pa nazale yake ya fodya? Mphukira ya protea imene yapondedwa lero ikanatenga zaka zingapo kuti ibereke mbewu zake, ndipo ikafa palibenso mtengo waukulu wotsala woti umwaze zina.

Palinso nkhani ya mvula. Moto wa kuno umabuka m'nyengo yotentha, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi mvula ya m'nyengo yozizira imayamba, nthaka ikadali yosavala. Tchire likapsa, malire a njira saonekanso, aliyense amadula poti afike msanga, ndipo kanjira katsopanoko ndi kamene madzi amatsata mpaka kusanduka chigwembe. N'chifukwa chake moto wa mu Malichi 2015, umene unayambira pamwamba pa Muizenberg n'kutentha mahekitala masauzande angapo, unachititsa kuti dera la mapiri la Silvermine litsekedwe kwa miyezi yambiri, ndipo mbali zina za nkhalango ya Tokai zinakhala zotseka kupitirira chaka.

Sindikunyoza dandaulo la amene amati phirili ndi la anthu onse. Kwa munthu amene amagona m'kachipinda kamodzi ndi banja lake lonse, phirili ndi limodzi mwa malo ochepa amene angapume mpweya wabwino osalipira pakhomo, ndipo otsogolera alendo m'njirazi amasowa chakudya zikatsekedwa. Choncho n'koyenera kupempha oyang'anira phiri kuti pachikwangwani chilichonse azilembapo chifukwa chotsekera ndi nthawi imene adzaunikenso njirayo, komanso kuti azitsegula mbali iliyonse ikangochira, osadikira kuti dera lonse likonzeke. Chingwe chimene chakhala miyezi popanda mawu alionse chimayamba kupeputsidwa ngakhale ndi anthu omvera malamulo. Koma dandaulo lotere timakalipereka ku ofesi kapena kulilemba m'nyuzipepala, sitikaliperekera pa mphukira.

Ndikupempha makamaka abusa ndi atsogoleri a magulu a mapemphero. Paki ya Table Mountain, momwe muli phirili, ndi yaitali, kuchokera ku Signal Hill mpaka ku Cape Point, ndipo mbali imodzi ikatsekedwa njira zina zambiri zimakhala zotsegula. Musananyamuke ndi gulu, funsani kaye kuti njira yotsegula ndi iti, ndipo kukazizira nyamulani majekete ndi mabulangete, machesi musiye kunyumba, pakuti kusonkha moto paphiripo n'koletsedwa kupatula pamalo okhawo amene anakonzera kuwotcha nyama.

Ine wowerenga wanu,
Wosamalira maluwa,
Cape Town